Mafunso ndi mayankho: kukonza laibulale yolowetsa anthu mu app pogwiritsa ntchito tokeni

Awa ndi mafunso amene opanga ma app kuno ku Mzuzu amafunsa mobwerezabwereza akafuna kulemba laibulale imodzi yolowetsera anthu muakaunti, yoti ma app angapo azigwiritsa ntchito. Mayankhowa ndi a Android ndi iOS, kaya mukulemba mu Kotlin, Swift, Flutter kapena React Native. Poyankha taganizira kwambiri munthu wa foni yotchipa, wa bandulo yochepa, amene netiweki imamudukiradukira.

Tokeni n'chiyani, nanga bwanji osangosunga pasiwedi mufoni?

Tokeni ndi mndandanda wa zilembo ndi manambala umene seva imapereka kwa app munthu akatsimikizira kuti ndi iyeyo. Kuyambira pamenepo app imatumiza tokeniyo pa pempho lililonse, mu header ya HTTP yolembedwa `Authorization: Bearer` kenako tokeniyo. Pasiwedi imalembedwa kamodzi kokha ndipo laibulale siisunga.

Pasiwedi siitha mphamvu yokha, komanso anthu ambiri amagwiritsa ntchito imodzimodziyo pa imelo ndi pa Facebook. Foni ikabedwa, wakubayo wapeza khomo lolowera paliponse. Tokeni ili ndi nthawi yothera, ili ndi malire a zimene ingachite, ndipo seva ikhoza kupha tokeni ya foni imodzi osakhudza foni zina za munthu yemweyo.

Koma musaitenge mopepuka. Tokeni ya Bearer ili ngati lisiti la katundu wotumizidwa pa basi: amene wafika nalo ku depoti ndiye amapatsidwa katunduyo, kaya ndi mwini wake kaya walitola pansi.

Access token, refresh token ndi ID token zimasiyana bwanji?

Access token ndi imene imapita ku API pa pempho lililonse. Popeza imayendayenda, moyo wake uyenera kukhala waufupi. Za Google zimatha pakapita masekondi 3600. Pa app yokhudza ndalama ife timaona kuti mphindi 5 mpaka 15 ndi zokwanira.

Refresh token siipita ku API. Imapita ku token endpoint, adiresi ya seva yoperekera matokeni, kukatenga access token yatsopano, ndipo kumeneku ndiko tikukutcha kutsitsimutsa. Imakhala nthawi yaitali, ndipo ndi imene muyenera kuiteteza kwambiri. Ngati app yanu ndi ya alangizi a zaulimi kapena azaumoyo amene amakhala masabata ali ku Usisya kapena kumapiri a ku Chitipa, refresh token ya masiku 7 idzawatsekera kunja. Ganizirani masiku 30 mpaka 90, ndipo nthawiyo iziyambiranso akaigwiritsa ntchito.

ID token ndi ya OpenID Connect, ndondomeko yodziwira amene walowa yomangidwa pamwamba pa OAuth. Imauza app kuti walowayo ndi ndani. Siyotumiza ku API.

Tilembe njira yathuyathu kapena titsate OAuth?

Tsatani OAuth 2.0, ndondomeko yoperekera matokeni imene inalembedwa mu chikalata cha RFC 6749 mu 2012, pamodzi ndi OpenID Connect ya mu 2014. Malamulo a ma app a pafoni ali mu RFC 8252 ya mu 2017. Ngati nsanja yanu ili ndi AppAuth, laibulale ya OAuth yolembedwa kale, mangani pamwamba pake m'malo moyamba pansi. Ntchito yeniyeni ya laibulale yanu ili pa kusunga, kutsitsimutsa ndi kupirira netiweki yovuta, ndipo mphamvu zanu zithere pamenepo.

Ngakhale seva ili yanuyanu ndipo simukufuna OAuth yonse, tengerani maonekedwe a mayankho ake: `access_token`, `refresh_token`, `expires_in`, ndi mayina a zolakwika monga `invalid_grant`. Tsiku limene mudzasamukire ku seva ya OAuth yopangidwa kale monga Keycloak, ma app sadzafunika kulembedwanso.

Kulowa kumayenda bwanji kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto?

Njira yoyenera ndi authorization code yokhala ndi PKCE, yofotokozedwa mu RFC 7636 ya mu 2015.

Laibulale imayamba n'kupanga `code_verifier`, zilembo zongobwera mwachisawawa zosachepera 43 ndi zosapitirira 128. Zichokere ku `SecureRandom` pa Android kapena `SecRandomCopyBytes` pa iOS, osati ku Random wamba. Kenako imawerengera SHA-256 ya verifier n'kuilemba mu base64url, ndipo chotulukacho ndicho `code_challenge`. Imapanganso `state` ndi `nonce`, zonse mwachisawawa, zodzatsimikizira nazo kuti yankho la seva ndi la pempho lomweli.

Ikatero imatsegula browser ya foni pa adiresi ya seva, itanyamula `client_id`, `redirect_uri`, `scope`, `state`, `nonce`, challenge ija ndi `code_challenge_method=S256`. Munthu amalemba pasiwedi yake pa tsamba la seva. Seva imamubwezera ku app ndi `code` pamodzi ndi `state`. Laibulale imayerekeza `state` yobwerayo ndi imene inasunga, ndipo zikasiyana imataya zonse. Zikafanana imatumiza code ndi verifier ku token endpoint, seva n'kuwerengera SHA-256 payokha, n'kupereka matokeni ngati zagwirizana. Code imagwira ntchito kamodzi kokha ndipo RFC 6749 imalangiza kuti isapitirire mphindi 10.

Phindu la PKCE ndi lakuti app ina yoipa ikabera code panjira, singaigwiritse ntchito chifukwa verifier sinatuluke mufoni pa ulendo woyamba uja.

Pali chinthu chimodzi chimene chimagwetsa ambiri. Pa foni ya itel kapena Tecno ya RAM ya 1 GB kapena 2 GB, Android imapha app yanu pamene browser ili pamwamba, makamaka munthu akapitanso ku mauthenga kukaona nambala ya SMS. Akabwerera, app imadzuka ngati yatsopano. Ngati verifier ndi state zinali mu memory mokha, zapita, ndipo munthuyo amangoona tsamba lolowera likubwereranso popanda uthenga uliwonse. Zilembeni pa disk musanatsegule browser, ndipo muzifufute kulowa kukatha kapena pakadutsa mphindi 10.

Bwanji osangotsegula tsamba lolowera mu WebView? Zimaoneka bwino.

Chifukwa app imene ili ndi WebView, browser yaing'ono ya mkati mwa app, ikhoza kuwerenga chilichonse chimene munthu akulemba mmenemo, ndipo munthuyo alibe poonera adiresi kuti adziwe ngati tsambalo ndi lenileni. RFC 8252 imaletsa zimenezi, ndipo Google imakana ndi uthenga wa `disallowed_useragent`. Pa Android gwiritsani ntchito Custom Tabs, pa iOS `ASWebAuthenticationSession`, imene ilipo kuyambira iOS 12. Foni ikakhala yopanda browser yodziwa Custom Tabs, tsegulani browser wamba. Ikakhala yopanda browser n'komwe, bwezani cholakwika chomveka bwino, app isangogwa.

Client secret tiibise pati mu app?

Paliponse ayi. Aliyense angathe kumasula APK ndi chida ngati jadx n'kupeza chimene mwabisa, ngakhale mutachidula zidutswazidutswa. Lembetsani app ku seva ngati public client, kutanthauza app yopanda client secret (pasiwedi ya app yeniyeniyo), ndipo API ya laibulale yanu isakhale ndi malo olandirira secret. Malowo akakhalapo, wina adzaikapo ndithu.

Munthu abwerere bwanji ku app akamaliza kulowa?

Njira yosavuta ndi custom scheme yotengera dzina la domain yanu mobwerera m'mbuyo, monga `mw.dzinalanu.app:/callback`. Vuto lake ndi lakuti app ina ikhoza kulembetsa scheme yomweyo. PKCE imachepetsa ngozi imeneyi, monga tafotokozera pa funso la kayendedwe ka kulowa.

Yolimba kwambiri ndi adiresi ya https yotsimikizika. Pa Android mumaika fayilo ya `assetlinks.json` mu `/.well-known/` pa domain yanu, yokhala ndi SHA-256 ya satifiketi yosainira app. Ngati mukugwiritsa ntchito Play App Signing, satifiketi yoyenera ndi imene ili mu Play Console, osati ya pa kompyuta yanu. Mukalakwitsa pamenepa zonse zimayenda bwino poyesa, koma app yochokera ku Play Store imasiya munthu ali mu browser.

Laibulale ionetse chiyani kwa wopanga app?

Zochepa kwambiri: kulowa, kutuluka, njira yomvera kusintha kwa mkhalidwe wa akaunti, ndi interceptor (gawo loika tokeni pa pempho lililonse) yoika pa HTTP client, kaya ndi OkHttp, Dio kapena URLSession. Kwa amene akufunikadi tokeni m'manja, monga pa WebSocket, perekani function imodzi ya async yobweza access token yamoyo. Refresh token isatuluke mu laibulale ngakhale pang'ono.

Musapereke `isLoggedIn` ya inde kapena ayi. Mikhalidwe ilipo inayi: laibulale ikadali kuwerenga zosungidwa, munthu sanalowe, munthu walowa, ndi munthu amene seva yamukana ndipo ayenera kulowanso. Mukasiya woyambawo, app idzaphethira tsamba lolowera nthawi iliyonse ikamatseguka. Mukaphatikiza womaliza ndi wachiwiri, app idzafufuta ntchito ya munthu imene sinatumizidwe.

Mbali zitatu zikhale zosinthika kudzera mu interface: posungira, wotchi ndi HTTP client. Popanda zimenezi simungayese zimene zili m'mafunso otsatirawa. Interceptor ilandirenso mndandanda wa ma host ololedwa, n'kumaika tokeni pa mapempho opita kumeneko kokha. Apo ayi tokeni idzapita nawo ku seva ya zithunzi kapena ya mapu imene si yanu.

Tokeni tiisunge kuti?

Pa iOS, mu Keychain, ndi `kSecAttrAccessibleAfterFirstUnlockThisDeviceOnly`. Izi zimalola app kugwira ntchito kumbuyo foni ili yokhoma, komanso tokeni siisamukira ku foni ina. Dziwani kuti zosungidwa mu Keychain zimatsala ngakhale app itachotsedwa. Ikani chizindikiro mu UserDefaults, ndipo chikasowa pa kutseguka koyamba fufutani matokeni akale.

Pa Android, pangani kiyi wa AES-GCM mu Android Keystore, mubise naye matokeni mwa encryption, zobisikazo muzilembe mu fayilo. Fayiloyo muichotse pa Auto Backup, imene inayamba ndi Android 6.0. Backup imatenga fayilo koma kiyi wa mu Keystore amatsala, choncho munthu akagula foni ina fayilo imabwera popanda chotsegulira chake. Kulephera kumasula kulikonse laibulale ikutenge ngati munthu sanalowe, ifufute fayiloyo, app ipitirire. App yogwa nthawi iliyonse ikatsegulidwa munthu amaichotsa mufoni tsiku lomwelo.

SharedPreferences, AsyncStorage ndi SQLite wamba si malo osungira tokeni yosabisa.

Mapempho asanu akalandira 401 nthawi imodzi, chichitike n'chiyani?

Kutsitsimutsa kuchitike kamodzi. Tsamba loyamba la app limakonda kutumiza mapempho angapo pamodzi, ndipo tokeni ikakhala itatha onse amabwera ndi 401, yankho la seva lonena kuti tokeni ilibe mphamvu. Aliyense akathamangira ku token endpoint, pa seva imene imapha refresh token yakale pa kutsitsimutsa kulikonse, woyamba amapambana, ena anayi amafika ndi refresh token imene yafa kale, ndipo seva ikhoza kuganiza kuti yabedwa.

Ikani mutex, loko wolola pempho limodzi lokha kulowa pa nthawi. Pempho likalowa mu mutex, liyambe layerekeza tokeni imene linatumiza ndi imene ili posungira panopa. Zikasiyana ndiye kuti wina watsitsimutsa kale, lingotenga yatsopanoyo n'kubwereza. Zikafanana, litsitsimutse. Pempho lililonse libwerezedwe kamodzi kokha, chifukwa 401 yachiwiri ikabwera ndi tokeni yatsopano, vuto lili kwina ndipo kuzungulira kungomaliza bandulo ya munthu.

Ntchito yotsitsimutsa iyendere mu scope ya laibulale, osati ya tsamba, kuti munthu akatseka tsambalo isaduke pakati. Mutex imagwira mu process imodzi yokha. Ngati app ili ndi process yachiwiri pa Android kapena extension pa iOS, pafunika loko wa fayilo.

Netiweki ikaduka pamene tikutsitsimutsa, timutulutse munthu?

Ayi. Funso ili ndi limene limasiyanitsa laibulale yothandiza kuno ndi yongokopera kwina.

Munthu atulutsidwe pokhapokha seva yayankha yokha, ndi 400 yokhala ndi `invalid_grant`. Zina zonse si umboni woti refresh token yafa. Timeout, kulephera kwa DNS, kulephera kwa TLS, 429, 500, 502 ndi 503 zikutanthauza kuti simunamve yankho. Bandulo ikatha, kapena magetsi akazima Wi-Fi n'kuzima nawo, foni imatha kuonetsabe ngati yalumikizidwa pamene palibe chikudutsa. Ngakhale `invalid_client` isafufutitse matokeni, chifukwa imeneyo imaloza kulakwika kwa makonzedwe a seva, osati kwa munthuyo.

Taganizirani mlangizi amene wakwera minibasi kuchoka ku Rumphi atalemba mafomu a alimi tsiku lonse. Foni ikugwira netiweki pang'ono, app ikuyesa kutumiza, pempho likufera panjira. Laibulale imene ili ndi `catch` imodzi yoitana logout idzamufunsa pasiwedi pamalo pamene tsamba lolowera silingatseguke n'komwe. Yolembedwa bwino idzasunga matokeni, idzabweza cholakwika cha netiweki, n'kuyesanso pakapita sekondi 1, kenako 2, 4, 8, mpaka 60, ikuwonjezera kamphindi kachisawawa kuti foni zonse zisafike pa seva nthawi imodzi netiweki ikabwerera.

Ngakhale `invalid_grant` itabweradi, laibulale ifufute matokeni okha ndi kulengeza mkhalidwe wachinayi uja, wa munthu amene ayenera kulowanso. Isunge `sub` ya munthuyo, chizindikiro chake cha mu ID token, kuti akalowanso app idziwe ngati ndi yemweyo mwini wa mafomu amene akudikira.

Rotation n'chiyani, ndipo bwanji imatulutsa anthu osalakwa?

Rotation ndi pamene seva imapereka refresh token yatsopano pa kutsitsimutsa kulikonse n'kupha yakale. Yakaleyo ikaonekanso, seva imapha mzere wonse poganiza kuti pali wakuba. RFC 9700 ya mu 2025 imafuna kuti ma public client akhale ndi rotation, kapena tokeni yomangiriridwa ku kiyi wa foni monga mmene DPoP ya mu RFC 9449 imachitira.

Chovuta ndi yankho lotayika. Pempho lafika, seva yasintha tokeni, koma yankho lafera panjira. Foni ikadali ndi yakale, ikayesanso ikuoneka ngati wakuba. Izi laibulale singazikonze yokha. Seva ilole yakaleyo kwa kanthawi, kapena, chimene chili bwino pa netiweki yathu, iilolebe malinga ngati yatsopano ija sinagwiritsidwepo ntchito. Mbali ya laibulale ndi kulemba tokeni yatsopano pa disk isanachite china chilichonse. Ngati zobisika zanu zili mu SharedPreferences, gwiritsani ntchito `commit()`, chifukwa `apply()` imabwerera kulemba kusanathe ndipo app ikafa pamenepo tokeni yatayika.

Nanga foni imene nthawi yake ndi yolakwika?

Zilipo zambiri, makamaka zimene batire limachotsedwa kapena limatheratu. Musayerekeze `exp`, nthawi yothera yolembedwa mu tokeni, ndi wotchi ya foni. Tengani `expires_in` n'kuwerengera kuchokera pamene yankho lafika, pogwiritsa ntchito `SystemClock.elapsedRealtime()`, imene siisintha munthu akasintha deti. Tsitsimutsani kutatsala masekondi 60. Wotchi imeneyi imayambiranso foni ikazimitsidwa, choncho ikayakanso tengani access token ngati yokayikitsa, ndipo seva ndiyo inene.

Deti likalakwika kwambiri TLS imakana satifiketi, ndipo AppAuth imakana ID token imene `iat` yake, nthawi imene inaperekedwa, yasiyana ndi wotchi ya foni ndi mphindi zoposa 10. Pamenepa laibulale ibweze cholakwika chapadera kuti app iuze munthu mosapita m'mbali kuti akonze deti ndi nthawi ya foni yake.

Laibulale iziwerenga zimene zili mu JWT?

Za mu access token ayi. Imeneyo ndi ya API, ndipo seva ikhoza kusintha maonekedwe ake mawa. ID token ndiyo yoti muione: `iss`, `aud`, `exp` ndi `nonce` ija munatumiza.

JWT, kalembedwe ka ID token ndi ma access token ambiri, ili ndi zigawo zitatu zolekanitsidwa ndi madontho, ndipo ziwiri zoyambazo ndi base64url chabe imene aliyense angawerenge. Musaikemo nambala ya chiphaso cha dziko kapena za matenda a munthu. Ku API, tsimikizani signature ndi makiyi a mu JWKS, mndandanda wa makiyi umene seva imalengeza, potsata `kid`, dzina la kiyi, ndipo algorithm yololedwa muilembe nokha. Musakhulupirire imene tokeni yanena, ndipo `none` ikanidwe.

401 ndi 403 tizichita nazo mofanana?

Ayi. 401 ikunena kuti tokeni ilibe mphamvu, choncho tsitsimutsani. 403 ikunena kuti seva yamudziwa munthuyo koma alibe chilolezo. Ipititseni kwa app mmene ilili.

Kutuluka muakaunti kumafuna chiyani?

Fufutani matokeni mufoni choyamba, netiweki ilipo kapena palibe. Kenako tumizani refresh token ku revocation endpoint ya mu RFC 7009. Zikakanika, sungani pempholo mobisa n'kulitumiza netiweki ikabwera. Samalani ndi kutsitsimutsa kumene kunali panjira: yankho lake likafika munthu atatuluka kale, likhoza kulembanso matokeni. Khalani ndi nambala imene imakwera pa kulowa ndi kutuluka kulikonse, ndipo yankho la nambala yakale litayidwe.

Cookie ya mu browser imatsala. Pa foni ya pashopu kapena ya pakhomo imene anthu amabwerekana, wotsatira akadina kulowa amapezeka ali muakaunti ya mnzake osafunsidwa kanthu. Itanani `end_session_endpoint`, kapena tumizani `prompt=login` pa kulowa kotsatira. Pa iOS 13 kupita m'tsogolo palinso `prefersEphemeralWebBrowserSession`.

Anthu athu ambiri alibe imelo. Kulowa ndi nambala ya foni ndi SMS kulowa pati?

Kumasintha chiyambi chokha. Khodi yobwera pa SMS ikatsimikizika, seva imapereka matokeni omwe aja ndipo zonse zapamwambazi zimagwira ntchito. Sinthani nambala ya foni kukhala mu E.164, kalembedwe koyamba ndi + ndi khodi ya dziko, musanaitumize: ya TNM yoyamba ndi 088 ikhale +26588, ya Airtel yoyamba ndi 099 ikhale +26599. Mukapanda kutero munthu mmodzi adzakhala ndi maakaunti awiri.

Khodi ikhale ya manambala 6, ithe pakapita mphindi 5, ndipo kuyesa kusapitirire kasanu. Malire amenewa akhale ku seva, pamodzi ndi malire a kuchuluka kwa ma SMS pa nambala imodzi, popeza SMS iliyonse mukulipira ndinu. Pa Android, SMS Retriever API imawerenga khodiyo popanda kupempha chilolezo chowerenga mauthenga, malinga uthengawo uli ndi hash ya zilembo 11 ya app yanu. Nambala ya foni isakhale `sub`. SIM imatayika, imasinthidwa, ndipo nambala yosiyidwa imadzapatsidwa kwa wina.

Tiyese chiyani tisanaipereke kwa ena?

Ndi seva yabodza monga MockWebServer, tumizani mapempho 20 pamodzi ndi tokeni yotha, muone ngati token endpoint yaitanidwa kamodzi. Dulani kulumikizana seva itasintha kale refresh token. Bwezani 503, kenako HTML m'malo mwa JSON, muone kuti matokeni akadalipo. Tulukani kutsitsimutsa kuli pakati. Bwezani deti la foni zaka zingapo m'mbuyo. Browser ili pamwamba, iphani app ndi `adb shell am kill` kenako malizani kulowa.

Mukatha fufuzani mu logcat ndi mu malipoti a crash ngati muli mawu oti Bearer. Pa OkHttp, `redactHeader("Authorization")` imabisa header, koma siibisa body ya yankho la token endpoint, choncho mapempho amenewo asadutse mu logger. Lamulo la Data Protection Act la mu 2024 limafuna kuti osunga uthenga wa anthu auteteze, ndipo tokeni yotayikira mu log ndi njira yofikira uthengawo. Zonsezi muzibwereze pa foni yotchipa yeniyeni, mutaikakamiza kukhala pa 2G.